Maso a Kalipentala

Asanamangidwe, bamboyu anali kalipentala, ndipo m'ndende monse ankamuitana ndi dzina la ntchito yakeyo. Ndiye anasema tizidole ta tchesi kuchokera ku mwendo wa benchi yothyoka, nakalambira pa masewerawo m'mbali mwa khoma.

Tsiku lina kunabwera wojambula zithunzi za akaidi osewera tchesi, nalonjeza kuti aliyense chithunzi chake chidzapita kwawo. Kalipentala anasiya mwana wamkazi ali kubere, ndipo ankafunitsitsa kuti mwanayo aone nkhope ya bambo ake, osati ya mkaidi. Koma ndende inali itamuphunzitsa kuti mlendo akafika umanjuta pansi n'kuzolika.

"Bambo, khalani pa benchipo, mundiyang'ane kuno," anatero wojambulayo.

Kukhala anakhala, koma maso anakana kudzuka. Akati ayese, maso ankangobwereranso pa nsapato za mlendoyo.

Mnzake wosewera naye, yemwe kale anali telala, anamumvera chisoni. Anatola kavalo wa tchesi n'kumuyendetsa molunjika, kuphwanya lamulo la masewerawo mwadala.

"Achimwene, mfumu yanu yafa. Kagoneni, mwakalamba."

Kalipentala anadzutsa mutu, maso ali tong'o. "Iwe telala, kwanu kavalo amayenda choncho? Bweza msanga."

Wojambulayo anali ataima kale kumbuyo kwa telala, ndipo kamera inalira pomwepo.

Atamuonetsa chithunzicho, mkuluyo anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndaoneka wolusa," anatero motsitsa mawu. "Komabe mumutumizire chomwechi. Adziwe kuti bambo ake ankayang'ana munthu m'maso."