Nkhwangwa Imene Inathyoka kwa Agogo a Mpinganjira

Tsiku limenelo pa chipala tinalipo anayi: agogo a Mpinganjira, osula zitsulo a ku Lirangwe, a Saidi ogulitsa nsomba zouma amene anali eni nkhwangwa, mayi anga akupeta mapira chapatali, ndi ine Layisoni, mnyamata wa pa mvukuto. Mpaka lero ndikawakumbukira agogo ndimamva fungo la makala a tsanya, chikopa cha mbuzi chikupuma fuu fuu m'manja mwanga, ndi chitsulo chofiira chikulira m'madzi kuti tswee!

Nkhwangwayo anaisula ndi sipuling'i ya lole. A Saidi anangotema nayo chitsa kawiri, yathyoka pakamwa. Agogo anatola chidutswa, n'kuchipendeketsa padzuwa, diso limodzi atatsinzina.

"Chitsulo chabwino pothyoka chimakhala ngati ufa. Ichi chili ngati mchere wamiyala. Iwe Layisoni, unavukuta ngati akukuthamangitsa. Chapsa."

"Mwanayu amafuna kuwotcha mbatata, madala!" anaseka a Saidi.

Ndikuuzeni, ine sindilola kunamiziridwa. Chidutswacho ndinachibisa m'chitini, ndi kulumbira kuti tsiku lina chidzandiyeretsa. Ndinkati sipuling'iyo ndi imene inali yowola. Agogo anamwalira, ine ndinakwatira, ndinamera imvi, chitini chili pompo.

Sukulu ndinalekera sitandade thuu, koma mwana wanga Madalitso ndinamuphunzitsa ndi nandolo ndi mbuzi, mpaka lero amayeza zitsulo ku Joni. Chaka chatha pomuperekeza ku Chileka ndinamupatsa chidutswa chija.

"Kachiike pa makina ako. Ukandiuze wolakwa ndani."

"Ababa, mlandu wa zaka makumi asanu?"

"Mlandu suwola, iwe!"

Atabweranso anandikhazika pakhonde, foni ili m'manja. Akuti chitsulo ndi timibulu tophatikizana, ndipo m'kambulu kalikonse muli tinthu tosaoneka tondanda ngati mizere ya chimanga. Chidutswa chija anachisalalitsa mpaka kuwala ngati galasi, n'kuchiika m'makina mopendeketsa kwambiri.

"Mopendeketsa? Ngati agogo?"

"Dikirani kaye, ababa."

Kenako makinawo amachilasa ndi timphamvu ta magetsi, maelekitironi. Timphamvuto tikalowa pang'ono m'chitsulomo timanjanja, koma potuluka mizere ija imatilondolera njira, monga mmene umaonera mpata m'munda ukaima molunjika mzere. Tikafika pa galasi la m'makinamo timajambula mikwingwirima yopingasana. Anandionetsa pa foni: ngati njira zambiri zokumana pa msika wa Lirangwe. Kompyuta imayeza kupingasana kwakeko, n'kudziwa kumene kambuluko kayang'ana. Ikatero imasuntha pang'ono, kulasanso, kuyezanso, mpaka chidutswa chonse, ndipo kambulu kalikonse imakapaka mtundu wake.

Chithunzi chomaliza chinali ngati chitenje. Chakumpini timibulu ting'onoting'ono. Chakukamwa, kumene kunakhala pamoto, mibulu ikuluikulu ngati zigamba.

"Mibulu imakula choncho moto ukapyola muyeso," anatero Madalitso, mawu atatsitsa. "Sipuling'i inalibe vuto."

Ndinadzuka. "Makina a ku Joni akudziwa chiyani za makala a ku Lirangwe?" Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Amayi ake a Madalitso anasuzumira pazenera. "Bambo Layisoni, mwagonja kawiri, khalani pansi!"

Sindinakhale. Ndinapita kumunda, ndinalima mizere isanu ndi mkwiyo. Koma khasu lili m'manja ndinakumbukira: tsiku lija ndinkafuna kuthamangira mpira wachikulunga, ndipo ndinavukutadi ngati wamisala. Agogo sanandimenye. M'mawa mwake anandibwezera pa mvukuto pomwepo, n'kuika dzanja lawo lokhakhala pamwamba pa langa. "Puma nawo moto, usaukalipire." Zaka zonsezi ndinasunga chitsulo, mawu amenewo ndinataya.

Madalitso ananditsatira kumundako, n'kundibwezera chidutswa chija chikuwala mbali imodzi.

"Ababa, makina athu anagwira tsiku lathunthu kuti aone zimene agogo anu anaona pongopendeketsa padzuwa. Anzanga akufunsa kuti anaphunzira kuti. Ndawauza kuti ku Lirangwe, ndipo amene ankawavukutira moto akadali moyo, mawu awo amamveka mpaka ku Chileka."