Mapale a Pabwinja

Loweruka, Agosito 1971

Ndadzuka mtima uli wolemera, ngakhale ndili pa feriya, tchuthi cha kushikola. Dzulo mbiya za amayi zaswekanso pamoto, osatsalako ndi imodzi yomwe.

Amayi amaumba mbiya ndi mitsuko, ndipo ndi zimenezi zimandisunga kushikola ku Fonte Boa. Dongo la kuno ku Domwe nlonona kwambiri, palokha limang'aluka likaona moto. Nchifukwa chake chiyambire amayi amatola mapale pabwinja lakale kuseri kwa mudzi, nkuwasinja, nkusakaniza ufawo ndi dongo. Ayesapo mchenga, wakana.

Mwezi watha kunabwera azungu awiri ndi shefi wa posito, mkulu wa boma wa dera lino. Anakumba, anajambula, kenako anazunguliza bwinja lonse ndi waya waminga nkukhomapo chikwangwani cha Chipwitikizi. M'mawa uno amayi ananditenga kuti ndikawawerengere.

"Akuti chiyani, mwanawe?"

"Akuti malo ano ngotetezedwa ndi boma. Kutolapo kanthu nkoletsedwa."

"Akuwateteza kwa yani? Kwa ine?"

Sipayo, wapolisi wa boma wolondera pamenepo, bambo wachikulire wa ku Lifidzi, anadzuka pamwala pomwe ankaothera dzuwa.

"Mayi, musandiputire mlandu. Phale limodzi lokha, inu ndi ine tonse tikalawa palamatoriya, thabwa lija lomenyera m'manja."

"Nanga azungu anuwo adzakazingiramo chimanga?"

"Akuti akawaika m'galasi, anthu aziwaona."

Amayi anaseka, koma kuseka kwake sikunandikondweretse. Mapale anali mbwee mkati mwa waya, ena pafupi penipeni ndi phazi langa, okhala ndi timizere m'khosi ngati timene amayi amalemba.

Kushikola apulofesa anatiuza kuti malo otere amasunga mbiri ya anthu akale, ndipo tsiku limenelo ndinanyadira kuti mudzi wathu uli nawo. Pobwerera ndinayesa kuwafotokozera amayi zimenezi. Anandimvetsera mpaka kumaliza, nkundifunsa kuti, "Tsono ndiumbire chiyani?" Chipwitikizi changa chonse changothandiza kuwerenga chiletso.

Kwa anansi tapemphako. Aliyense phale lake ali nalo ntchito, wina nkukazingira, wina nkumwetsera nkhuku.

Ndili ndi kamtsuko kanga kamene amayi anandiumbira nditayamba kupita kumadzi. Mawa ndikaswa ndekha, asanandiletse, ndiwapatse asinje. Kakwanira mbiya zochepa chabe. Za pambuyo pake sindikudziwa.