Mdzukulu Wanga Sanalile pa Malilo

Mdzukulu wanga woyamba ndinamulela ndine kuno ku Msanzala, amai ake atamwalila. Mwana ameneyo nkhope yake sinkabisa kanthu. Akaba nshawa m'nkhokwe, makutu ankachita kumugwedela. Akadwala, ndinkadziwa iye asanatsegule pakamwa.

Atakula anapeza nchito pa sitolo ya zitsulo ku Petauke, ndipo ndi kumeneko kumene anadziwila masewela a makhadi amene amati poka. Ine ndinati imeneyo ndi njuga basi. Iye anakana, akuti njuga ndi ya zidakwa, izi ndi za mpikisano: anthu amakhala pa matebulo ambili n'kumagwetsana mpaka kutsala mmodzi. Anabwela ndi mabuku awili onenepa, olembedwa ndi anthu akunja amene amadyela makhadi omwewo. Zilembo ine sindizidziwa. Ndinkangoona pachikuto bambo wovala magalasi akuda ngati wadwala maso.

Akabwela kumudzi Loweluka, m'malo mothandiza ambuye ake aamuna kupalila, ankakhala pansi pa mango n'kumagawa makhadi pamphasa kwa anthu amene kulibe, buku lili pamwendo. Anandifotokozela kuti mabukuwo amaphunzitsa kudikila, kudziwa nthawi yotaya makhadi, koma chachikulu, kuumitsa nkhope kuti mnzako asadziwe ngati wagwila abwino kapena oipa. Ankayesela pa ine. Ankati ndimuseketse, ndipo ine ndinkatsanzila mmene mkulu wa mpingo amatsokomolela asanayambe pemphelo. Poyamba ankaphulika nako kuseka. Mvula ya chaka chinacho isanagwe, ndinkatha kuvina pamaso pake iye osaphethila.

Amuna anga anamwalila mwadzidzidzi nthawi yokolola, anangogwa m'munda. Mnyamatayo anafika m'mawa mwake pa basi. Kwathu kuno wachibale akamabwela pa malilo amayamba kulila akadali panjila, kuti a m'nyumba amve kuti wafika. Iye analowa pabwalo chete, chikwama paphewa, nkhope ili gwa ngati chitseko. Anagwada pafupi ndi bokosi, n'kuyang'ana, n'kudzuka.

Amene anayambitsa manong'onong'o ndi alamu anga aakazi a ku Nyimba, alongo a malemuwo. Ananong'oneza kuti wosewela makhadi amafuna mwayi, ndipo mwayi wotelo munthu amakhwimila ndi wamagazi ake. Dzuwa lisanafike pamutu, nkhaniyo inali itafika kwa okumba manda. Azimai amene anamubelekapo mnyamatayo ali wakhanda ankasendeza mphasa iye akadutsa.

Ndinamukokela kuseli kwa khola.

"Lila, mwana wanga. Ngakhale zabodza, ingolila anthu akuone."

"Ambuya, ndikufuna. Kukuwawa apa," anagwila pachifuwa, "koma sizikutuluka."

Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akunena zoona. Maso, milomo, ndinafufuza ponse. Sindinapeze kanthu, ine amene ndinamuphunzitsa kuyenda. Ndipo iye anaona kuti ndikufufuza, pakuti mabuku aja anamuphunzitsanso zimenezo.

Kumanda azibambo anamukaniza kugwila bokosi. Sanatsutse. Anaima patali pafupi ndi chulu mpaka dothi litatha, ndipo sanadikile tsiku lometa. Alamu anga aja analila mpaka mawu kusasa, anagubuduka pafumbi, anthu n'kumawagwila. Pobwelela kwawo anatenga mbuzi ndi pulawo, akuti ndi za mlongo wawo. Za iwo palibe ananong'onapo.

Mnyamatayo tsopano ali ku Lusaka. Ena amati amapambana, ena amati amagona pa sitolo ya mnzake, ine sindidziwa. Munda wa kumtsinje ndinabweleketsa, pakuti ndekha sindingauthe. Amandiimbila pa foni ya aneba, amafunsa za miyendo yanga ndi za mvula. Ndikamufunsa kuti ubwela liti, amati aona kaye. Ndimakanikiza foni kukhutu kuti mwina ndimve ngati akutanthauza inde kapena ai, koma mawu akenso anauma.