Matabishu a ku Mandimba

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu yathu ya ku Namwera inapalana ubale ndi sukulu ina ya ku Mandimba, tsidya la Mozambiki. Anatiitana kuti tikavine ndi kusewera netibo. Ine ndinali mu Sitandade 6, ndipo yunifomu ndinaichapa katatu, mpaka amayi anandibisira sopo.

Kalata yawo inali ya Chipwitikizi. Ahedi athu, munthu wosafuna kufunsa mnzake, anaimasulira okha ndi dikishonale yothothoka masamba. Anapeza kuti choyamba pa pulogalamu chinali mata-bicho. Mata, kupha. Bicho, chilombo.

"Anzathu avutika ndi zilombo," anatero pa asembule. "Aliyense abwere ndi chibonga!"

Tinakondwa zedi. Ena amati ndi njoka, ena amati afisi. Tinakwera lole m'mawa, atsikana makumi atatu opaka mafuta mpaka kunyezimira, tikuimba, zibonga m'mwamba.

Pa Chiponde tinadutsa bwino. Koma pa geti la tsidya msilikali ataona zibongazo nkhope inasintha. Analoza kumene tinachokera. Ahedi anayesa Chizungu, anayesa manja, thukuta lili kamukamu. Dalaivala analiza injini kuti atembenuke. Ine misozi inali italengeza kale, ulendo wanga woyamba kunja ukuthera pa geti!

Kenaka Amina anatsika. Anali mtsikana wachete, amene makolo ake anabwera kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Tinkamuseka kuti wothawa, mpaka anayamba kukana kuti kwawo ndi kumeneko. Anayankhula ndi msilikali uja Chipwitikizi chosalala, ife kukamwa yasa. Msilikali anaseka mpaka anagwira geti.

"Aphunzitsi," anatero Amina, maso ali pansi, "matabishu ndi chakudya cha m'mawa."

"Nanga bwanji sunanene?" anafunsa ahedi.

"Akanandiseka."

Zibonga tinazisiya mulu pambali pa msewu. Ku Mandimba anatilandira ndi ng'oma, tiyi wa mkaka ndi mabanzi otentha a khungu lolimba amene amati pau. Zilombo tinazipha ndithu, aliyense mabanzi awiriawiri. Tsiku lonse tinkakanganirana kukhala pafupi ndi Amina.

Masiku ano ana a ku Namwera amawoloka pa njinga yamoto ngati akupita kumsika, ndipo wodziwa Chipwitikizi amayenda monyada. Mawu ovuta amafunsa foni. Amina anakwatiwa kutali, sitinaonanenso. Tsiku lija tonse tinamuthokoza, koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anamupepesa.