Dzanja Lomwe Silinapse

Ndikamadutsa pa ziwaya za tchipisi ku Lizulu, fungo la mafuta limandikumbutsa tsiku limene ndinapsa. Ndinali ndisanayambe sukulu. Ndinapunthwa n'kugubuduza chiwaya cha mayi, mafuta otentha n'kunditayikira pamimba ndi pantchafu. Mayi anathamanga nane kuchipatala chaching'ono cha kwathu.

Adokotala anali achinyamata, achilendo m'deralo. Ataona balalo, anagwira dzanja langa lomwe silinapse n'kulitambasula. Ankati kuyang'ana chikhatho, kuyang'ana bala, milomo ikuyenda mwakachetechete.

Mayi analanda dzanjalo n'kulibisa m'nsalu yawo. Masiku amenewo kunkamveka mphekesera za anthu opopa magazi.

"Dzanjali lili bwinobwino, bambo. Mukulifuniranji?"

"Ndikuyeza kukula kwa bala, mayi," anatero adokotalawo. "Muyeso wake ndi chikhatho cha mwana yemweyu, osati changa. Zikhatho zikachuluka, ndiye kuti thupi likutaya madzi ambiri, afunika diripi kuchipatala cha ku Boma."

Mayi anawayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anatulutsa dzanja langa, koma anandigwirabe pamkono zolimba mpaka kupweteka.

"Werengani mokweza," anatero, "nanenso ndizimva."