Hidaya Anangopita Kukatsegula Masamba

Anzanga, Hidaya ine ndinamudziwa chifukwa cha kuseka.

Ndinali Fomu 3, ndikukhala kwa amalume pa boma pa Mangochi, makolo ali ku Chiponde. Wocheza naye ndinalibe. Tikaweruka ndinkakakhala kuseri kwa nyumba ina yakale kufupi ndi mlatho, mmene munali kasukulu kophunzitsa nyimbo, n'kumawerenga ndekha.

Tsiku lina mkatimo munamveka vayolini ikulira ngati chitseko cha dzimbiri. Ndinaseka. Zenera linatseguka, panasuzumira mtsikana wa hijabu yobiriwira.

"Iwe wamabuku, ukuseka ine kapena bayoloje?"

Ndinati bayoloje. Anati ndine wabodza, koma ndibwerenso mawa, chifukwa aphunzitsi ake amangoti "good, good" pomwe iye ankafuna munthu womuuza zoona.

Ndinabweranso... ndipo sindinasiye.

Iye ankaimba mkati, ine pansi pa zenera. Akalakwitsa ndinkatsokomola, iye n'kundigenda ndi choko. Akamaliza tinkagawana zitumbuwa, tikuyenda pang'onopang'ono mpaka pakona ya msika, pomwe tinkasiyana ngati sitidziwana.

Pakonapo ndi pomwe anandiuza chinsinsi chake. Kwawo ankadziwa kuti masana amapita kukaphunzira masamu. Bambo ake, Che Wadi, ogulitsa nsomba mumsikamo, ankafuna mwana wawo adzakhale namwino, ndipo za zoimbaimba sankafuna n'kuzimva komwe.

"Ukudziwa ndiwe wekha, Avelino. Zikadzamveka, ndidzadziwa kumene zachokera."

Kumapeto kwa chaka aphunzitsi anakonza konsati yawo, oimba iwo okha, osati ophunzira. Mayi Esime pa piyano, a Howard pa chelo, chivayolini chachikulu choimika pansi chija, ndi ena awiri ochokera ku Zomba pa mavayolini. Hidaya anasankhidwa kuti azikawatsegulira Mayi Esime masamba a nyimbo, poti manja awo onse amakhala pa piyano.

Ine ndinachita mantha kuti kwawo adziwa. Iye anandiseka, nati wotsegula masamba sawerengedwa: satchulidwa, saweramira anthu, amangovala zakuda n'kukhala kuseri kwa piyano. Anatinso anthu a mumsika sangataye Loweruka masana kudzamva nyimbo zopanda ng'oma.

Tsikulo ndinafika msanga. Pakhomo pa holo panali a Simioni, MC wa maukwati ambiri a pa boma pano, atavala jekete lawo lonyezimira. Anandikodola n'kundifunsa mayina a oimbawo, kenako la mtsikana wa kupiyano. Ndinati ameneyo sindimudziwa. Nditacheuka, Hidaya anali akutiyang'ana.

Anzanga, nyimbo zija mpaka lero ndimazimvabe m'mutu.

Poyamba anthu ankaganiza kuti aphunzitsi akungoyesa zingwe. Vayolini imodzi inkalira ngati udzudzu, ina n'kuiyankha mokalipa. A Howard ankamenya thupi la chelo ndi chikhatho. Mayi Esime anaimirira, n'kupisa dzanja mkati mwa piyano, n'kumakoka zingwe ndi zala. Ana ena kumbuyo anaseka. Kenako onse anayi anangoti zii, mauta okhwekhwezera zingwe ali m'mwamba, mpaka tinamva belu la kabaza pamsewu. Atayambanso, chelo inalira pansipansi ngati munthu wamkulu amene sakufuna kuti ana amve kuti akulira. Palibe anasekanso.

Ine maso anali pa Hidaya. Milomo yake inkawerenga mwakachetechete. Nthawi ikakwana ankadzuka, n'kugwira ngodya ya tsamba, n'kudikira kuti Mayi Esime agwedeze mutu. Sindinamuonepo atasangalala chonchija.

Atamaliza, aphunzitsi anayi anawerama, Hidaya ali phee pampando wake monga ananenera. Koma a Simioni ndi munthu wa maukwati, ndipo paukwati satsala munthu wosatchulidwa. Anatenga maiki.

"Nanga mtsikana wathuyu timusiye? Imirira mama, anthu akuone. Uyutu ndi mwana wa Che Wadi a mumsika!"

Mayi wina anaimba nthungululu. Mafoni anakwera m'mwamba. Hidaya anaimirira, koma sanayang'ane anthuwo. Anayang'ana ine.

Lolemba zenera silinatseguke. Ndinakamupeza pakona ya msika ali ndi beseni la nsomba, Zubair, mchimwene wake, ali poteropo. Ndinamuuza kuti a Simioni anandifunsadi, koma ine ndinakana. Ndinalumbira.

"Ndinakuona ndi maso angawa, Avelino. Iwe wangolankhula nawo, iwo n'kutchula bambo anga. Ndiganize chiyani?"

Sanakalipe. Anangosenza beseni lake.

Sukulu itatsekera makolo ake anamutumiza kwa azakhali ake ku Makanjira, ndipo nambala yake inasiya kugwira.

Mwezi wathawu ndinakumana ndi a Simioni pa depoti. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti mtsikana uja anamudziwa bwanji. Anaseka, nati ndi iwo amene anayendetsa ukwati wa Farida, mkulu wake wa Hidaya, ndipo ana a Che Wadi nkhope ndi imodzi. Anandifunsa dzina chabe chifukwa linali litawathawa.

"Koma anasangalala eti? Ana ngati amene aja amafunika kuwalimbikitsa."

Ndinati eya, anasangalala.

Ndiye umboni ndili nawo, anzanga, koma woti ndimupatse palibe. Chimene chimandiwawa si Makanjira ayi. N'choti miyezi yonse ija ankandikhulupirira ndikamuuza kuti walakwitsa nyimbo, koma tsiku limodzi lokha limene ndinafuna kuti andikhulupirire za ine mwini, anasankha maso ake.