Satifiketi Yanga M'bokosi Lagalasi

Ofesi ya Mayi Dikiranikaye inali kumapeto kwa khonde lalitali la nyumba ya ophunzira za uphunzitsi, pakati pa chimbudzi cha alendo ndi chipinda chosungiramo mipando yothyoka. Pachitseko panalembedwa kuti ndi ofesi yothandiza omaliza maphunziro kupeza ntchito, koma ife tinkati ndi ofesi yothandiza anthu kukalamba. Dzina lawo lenileni linalipo pachitsekopo, koma panalibe wolitchula. Aliyense wolowamo ndi nkhope yowala, atamva kuti sukulu yakuti ikufuna mphunzitsi, ankatuluka ndi mawu awiri omwewo: "Dikirani kaye."

Ntchito yawo inali yosavuta. Eni masukulu ndi ahedi ankabweretsa makalata ofuna aphunzitsi, iwo n'kusankha mwa ife amene tamaliza digiri yachiwiri, kutilembera kalata yotiperekeza, n'kudindapo chidindo. Munthu wina akanaimaliza ntchitoyo tiyi wam'mawa asanazizire. Koma mayiwa sankakhulupirira pepala. Kalata ikabwera ankaiyang'ana pakuwala kwa zenera ngati dzira lomwe akulikayikira. Nambala ya foni yolembedwa pakalatapo sankaiimba, ankafufuza ina. Ndiye Lachinayi lililonse ankatseka ofesi, kunyamula chikwama chawo chakuda chosokedwa chogwirira, n'kukwera minibasi kukaona sukuluyo osauza munthu.

Akafika sankayambira kwa ahedi. Ankalowa m'chipinda cha aphunzitsi, kupereka moni wam'manja kwa aliyense, kenako n'kuyang'ana chikhatho chawo. Ankati munthu amene waphunzitsadi tsikulo amakusiyira fumbi la choko m'dzanja. Akatulukamo dzanja lopanda choko, kalata ya sukuluyo inkalowa m'dirowa yapansi, ndipo inkagona momwemo.

Anali mayi wamfupi wa zaka zopitirira makumi asanu, wa magalasi okhuthala. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi ndi zidzukulu ziwiri kuseri kwa depoti ya mabasi. Ngakhale wogulitsa nthochi wapageti ankadandaula kuti mayiwa amaitembenuza nthochi katatu asanaigule. Ifenso tinkawakayikira monga momwe iwo ankakayikira makalata. Ena ankati ntchito zabwino amasungira abale awo, ena ankati amafuna kangachepe koma amachita manyazi kunena. Ine ndinkakhulupirira zonse ziwiri, ndipo ndinkazifalitsa ndi mtima wonse.

Ndinali nditaphunzitsa kupulayimale zaka zisanu ndi zinayi ndisanabwerere kuyunivesite. Nditamaliza ndinakhala pa ulova miyezi isanu ndi itatu. Mkazi wanga ankalawirira kuchipatala komwe amagwira unamwino, ine n'kutsala ndikuchapa matewera. Mlamu wanga akabwera ankaima pachingwe choyanikira n'kufunsa, "Alamu, kodi ndi digiri yachiwiriyi ikuchititsa kuti matewera aziuma msanga chonchi?" Ndinkaseka naye, koma mumtima ndinkapsa.

Tsiku lina ndikutuluka pageti ya yunivesite, nditauzidwanso kuti ndidikire kaye, bambo wina wa suti yotuwa anatsitsa galasi la galimoto n'kundikodola. Anati ndi mwini sukulu ya sekondale yatsopano kuseri kwa msika wa matabwa, ndipo akufuna wachiwiri kwa ahedi.

"Kalata ndinaisiya mu ofesi yanu ija masabata atatu apitawo," anatero. "Mayi aja sanakuonetseni? Aa, ndiye kuti alipo amene akumusungira."

Ndinabwerera mothamanga, osagogoda n'komwe. Mayiwo anatsegula dirowa yapansi n'kuika kalatayo patebulo.

"Ndi iyi, aphunzitsi. Takhalani pansi."

"Sindikhala! Masabata atatu, mayi? Ine ndikuchapa matewera, kalata ili m'dirowa?"

"Ndinapitako Lachinayi lapitali. Makalasi alipo anayi okha, koma akufuna anthu asanu ndi mmodzi a digiri yachiwiri, ndipo aliyense asiye satifiketi yeniyeni, osati fotokope. Akufuna aitani? Ndinapereka moni kwa anthu atatu ovala mataye, m'manja mwanga simunatsale choko. Dikirani kaye."

"Tangonenani kuti mukusungira mwana wa achimwene anu!" ndinakuwa, mpaka mlembi wa ofesi yoyandikana nayo anasuzumira. "Tonse tikudziwa!"

Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Pomwe ndinkamenyetsa chitseko anali atatembenukira kale kukompyuta yawo yakale, akutayipa ndi zala ziwiri.

M'mawa mwake ndinakapereka satifiketi yanga kwa mwini sukulu uja. Anailandira ndi manja awiri, n'kuiika m'bokosi lagalasi lokhomedwa pakhoma la ofesi yake, pambali pa masatifiketi ena asanu, n'kutseka ndi loko. Anati kumeneko ndi kulemekeza maphunziro. Kunena zoona, nditaiona ikunyezimira pamenepo ndinamva kukoma. Anandiuza kuti ndipite kunyumba, andiitana ndondomeko ya maphunziro ikakonzedwa.

Anandiitana kamodzi kokha, akuti ndibwere nditavala tayi chifukwa kukubwera oyendera sukulu. Ndinapeza anzanga asanu a m'bokosi lija atakhala m'chipinda cha aphunzitsi, tonse titatsamwa ndi mataye, patsogolo pathu pali mabuku omwe sitinawatsegulepo. Oyendera sukulu anabwera, anawerenga masatifiketi, anatiwerenga ifenso, n'kulemba mayina athu. Galimoto yawo itangotuluka pageti, tinauzidwa kuti tikapume kaye.

Patatha masabata atatu foni ili zii, ndinachita chimene ndinkawaseka nacho mayi aja: ndinapitako osauza munthu. Pachitseko cha chipinda cha aphunzitsi panali ndondomeko ija, ndipo dzina langa linalipo, likuphunzitsa jogalafe folomu yachinayi ola lomwelo. Ndinasuzumira pazenera la kalasiyo. Kutsogolo kunali mwana wa mlongo wake wa mwini sukulu, yemwe anangomaliza sekondale chaka chatha, akuwerengera ana zolemba za m'kope lake lakale. M'buku losainira aphunzitsi ndinapeza kuti ndakhala ndikufika mmawa uliwonse nthawi isanakwane, ndipo ndimasaina ndi zilembo zokongola kuposa zanga.

Ndinapempha satifiketi yanga. Mwini sukulu anati kiyi ali ndi akazi ake, ndipo achokapo. Nditabweranso sabata yotsatira, anatseka chitseko n'kundilankhula motsitsa mawu.

"Aphunzitsi, mukachita phokoso ndiwauza oyendera sukulu kuti munandibwereketsa pepalali mukudziwa. Munakhala pamaso pawo mutavala tayi, sichoncho? Dzina lofufutidwa m'kaundula wa aphunzitsi likhala lanu. Ine sukulu ikatsekedwa ndili ndi malole anga onyamula mchenga."

Munthu wofufutidwa m'kaundula saimanso kutsogolo kwa kalasi kulikonse, kaya ali ndi madigiri angati. Zaka zisanu ndi zinayi za choko, ndi ziwiri za kuyunivesite, zonse zinali kuseri kwa galasi ndi kaloko kakang'ono ngati ka sutikesi.

Mkazi wanga nditamuuza, anangoti, "Pitani kwa mayi aja."

"Ndi nkhope iti? Ndinawalalatira."

"Ndi yomweyo munawalalatira nayo. Mulinso ndi ina?"

Ulendo uno ndinagogoda. Ndinakhala pansi asanandiuze, n'kufotokoza zonse maso ali pansi. Mayiwo anandifunsa mafunso ngati wapolisi: ndinasainapo chiyani, oyendera sukulu anabwera tsiku lanji, ndinagwirapo choko ngakhale kamodzi? Kenako anatsegula dirowa yapansi ija n'kutulutsa kalata yotayipa kale. Inali yopita ku ofesi ya oyendera sukulu, m'dzina langa, yonena kuti sindinaphunzitsepo pasukuluyo ndi phunziro limodzi lomwe, ndipo dzina langa likugwiritsidwa ntchito popanda chilolezo changa. Panangotsala malo a tsiku ndi a saini.

"Mwailemba liti, mayi?"

"Tsiku lomwe munandithyolera chitseko. Sainani apa. Koma kalatayi siyenda yokha. Satifiketi ikadali m'bokosi mwake, iye adzati munamusiyira mwakufuna kwanu. Mawa ndi Lachinayi."

M'mawa mwake tinakwera minibasi. Anafungata chikwama chawo chakuda, n'kumamuyang'ana kondakitala cham'mbali ngati amene wawabera kale. Ine mumtima ndinali ndikukayikabe. Ndinkadzifunsa kuti kamayi kakafupi aka kakamuchita chiyani munthu wa malole.

Mwini sukulu atawaona nkhope inasintha, koma mayiwo anamupatsa moni wansangala womwe sindinawaonepo akupatsa munthu. Anayamikira utoto wa makoma. Anayamikira geti. Kenako anaima patsogolo pa bokosi lagalasi, kusendeza magalasi awo, n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine! Bwana, masatifiketi awa mwawaonetsa kale kwa oyendera sukulu?"

"Eya. Chavuta n'chiyani?"

"Onsewa ndi a chaka chomwe tinasintha chidindo. Taonani pakona apa, palibe chidindo chotukuka chija. Akabweranso ndi mkulu wawo, awatenga ngati achinyengo, ndiye nkhaniyo siikhalanso ya sukulu, ikhala ya kupolisi. Kulakwa ndi kwathu, bwana, ofesi yathu ija mukuidziwa, timachedwa ndi chilichonse."

Bamboyo anawayang'ana, n'kundiyang'ana ine. Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Dindani pompano," anatero.

"Chikanakhala chonyamulika bwenzi ndabwera nacho. N'chachitsulo, chomangidwa patebulo ndi mabawuti. Koma ngati simukufuna, asiyeni momwemo. Ine ndangonena poti ndaona." Ananyamula chikwama n'kulunjika kuchitseko.

Kiyi yemwe anali ndi akazi ake uja anatuluka m'thumba la malaya. Anatsegula yekha bokosilo, kuchotsa masatifiketi onse asanu ndi imodzi, n'kuwaika yekha mu envelopu. Anawaperekeza mayiwo mpaka pageti, akuwapempha kuti asachedwe nawo. Munthu amene ankadziwa kunamiza aliyense anakhulupirira, chifukwa tauni yonse inkadziwa kuti mayiwa ndi ovuta koma sanama.

Titakhota pamsika wa matabwa, anakhala pamulu wa mapulanga.

"Ndanama lero," anatero. "Zaka makumi awiri ndi zitatu mu ofesi ija, ndanama lero."

"Pepani, mayi. N'chifukwa cha ine."

"Si inu nokha." Anandiyang'ana. "Ine ndinali mphunzitsi wa masamu, mukudziwa? Ndinali wabwinonso. Nditangomaliza maphunziro owonjezera, bambo wina wa sukulu yakeyake anandipempha satifiketi kuti aisunge mu ofesi, akuti ndiyamba teremu ya mawa. Ndinadikira teremu ya mawayo ndili ndi mwana kumsana. Sukulu itagwidwa, iye anathawa, ife anayi tinafufutidwa. Ndinayenda m'maofesi zaka ziwiri, koma aliyense ankangondionetsa saini yanga m'buku lomwe sindinaligwirepo. Aphunzitsi anga akale ndi amene anandichitira chisoni n'kundipezera kampando kaja pafupi ndi chimbudzi."

"Bwanji simunandiuze tsiku lija?"

"Ndinakuuzani za makalasi anayi ndi za choko. Inu munamva za mwana wa achimwene anga. Ndilibe mchimwene, aphunzitsi. Ndinabadwa ndekha."

Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Masana omwewo tinakapereka kalata yanga. Anzanga asanu aja mayiwo anawaimbira foni mmodzimmodzi kuti abwere adzatenge masatifiketi awo ndi kusaina makalata ngati yanga. Anayi anabwera. Wachisanu anatumiza mkazi wake kudzatenga satifiketi, koma kusaina anakana. Anati akudziwa bwino kuti mayiwa akufuna kumuchotsa kuti alowetsepo m'bale wawo, ndipo anawonjeza kuti nkhaniyo anaimva kwa munthu wodalirika. Munthu wodalirikayo ndinali ine, miyezi ingapo m'mbuyomo, pansi pa mtengo wapageti. Ndinapita kunyumba kwake kawiri kukamuchonderera, koma anandiseka, akuti nanenso andigula. Sukulu itatsekedwa patatha miyezi iwiri, dzina lake linafufutidwa. Lero amagulitsa zida za njinga, ndipo tikakumana amayang'ana kumbali.

Ine ndinadikira miyezi ina itatu. Kenako mayiwo ananditumiza kusukulu ina ya kunja kwa tauni, ya mazenera osweka ndi ana makumi asanu ndi awiri m'kalasi imodzi. Mlamu wanga anati digiri yachiwiri yanditengera kumene kulibe ngakhale chingwe choyanikira matewera. Ine ndinangopitiriza kuchonga makope.

Lachinayi lina, teremu ili pakati, ndinatuluka m'kalasi belu litalira n'kuwapeza ataima pakhonde, chikwama chakuda chili m'khwapa. Sanauze munthu kuti akubwera. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji pazenerapo, akumvetsera.

"Mumathamanga kwambiri pofotokoza," anatero. "Ana akumbuyo aja munawasiya pa nkhani ya mitsinje ija."

Kenako anatambasula dzanja. Ndinafuna kupukuta langa pathalauza, koma anandiletsa. Tinapatsana moni, iwo n'kutembenuza chikhatho chawo. Chinali chitayera ndi choko mpaka m'mizere. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinawapatsa kansalu kanga kuti apukute, koma anapukusa mutu, n'kunyamula chikwama ndi dzanja linalo. Anayenda mpaka pamalo okwerera minibasi dzanja la chokolo atalifumbata.